Chitini cha Pansi pa Mpopi

1. Madzi a Lolemba ndi Lachinayi

Pa mdadada wa zitseko khumi ndi ziwiri uja panalibe amene ankamuitana mtsikanayu dzina lake lenileni. Onse ankangoti Wailesi. Ngakhale mayi ake omubereka, akatopa naye, ankati, "Iwe Wailesi, tazima kaye!"

Anali ndi zaka khumi ndi zinayi, woonda ngati ndodo ya mopu, koma pakamwa pokha panali pa anthu atatu. Mphaka akaswa kuseri kwa bafa, iye ndiye ankayamba kudziwa. A Dalaivala a chitseko chachisanu akavala nsapato zatsopano, pofika madzulo mdadada wonse unkakhala utamva kuti ndi zobwereka.

Koma nkhani imene ankaikonda kuposa zonse inali ya madzi.

Mzindawo unali utafufuma ngati authira yisiti. Pamene panali bwalo la mpira panamera nyumba. Pamene panali dambo panamera nyumba zosanja. Anthu ankabwera tsiku ndi tsiku ndi mabedi pamutu, koma damu linali lomwe lija. Ndiye a zamadzi anagawa masiku. Dera lawo linapatsidwa Lolemba ndi Lachinayi basi, maola anayi kapena asanu, ndipo nthawi yake sankanena. Masiku enawo mipopi inkangoti kukamwa yasa, ngati ikuseka anthu.

Anthu a pamdadadapo anagwirizana n'kuika thanki yakuda pamwamba pa nsanja yachitsulo. Madzi akabwera ankakwera m'thankimo. M'mawa uliwonse a Tcheya, mayi wa mawu ngati hutala ya basi, ankatsegula loko wa pampopi wa thanki n'kupatsa khomo lililonse ndowa zitatu. Zitatu basi! Kumwa momwemo, kuphika momwemo, kusamba momwemo. Madzi ochapira sankatayidwa, ankakathera kuchimbudzi.

Kuseri kwa bafa kunali kampopi kena kakale, kamunsi, kolumikizidwa ku paipi yochokera kumsewu. Kampopi ako kanali ndi lamulo lake, ndipo mwini lamulolo anali a Sipanala, bambo wachikulire amene anakonza mapaipi a mzindawo zaka makumi atatu. Ngakhale atapuma ntchito, sipanala sinkachoka m'thumba lawo lakumbuyo.

"Ana inu, tcherani makutu," ankatero iwo. "Madzi ndi aulesi kuposa inu. Akapeza khomo lapansi lotsegula, sakwera pamwamba. Kale ukatsegula mpopi ndowa inkachita kudumpha ndi mphamvu ya madzi. Lero paipi yomwe ija ikumwetsa nyumba zosawerengeka, ikamafika kuno imakhala itatopa ngati ine. Mukasiya kampopi aka kotsegula pa tsiku la madzi, onse athera m'ngalande, thanki ingomva fungo. Ndiye musakagwire. Musakayese. Khomo limene lidzataye madzi a anthu lidzakhala sabata yathunthu osatunga pano. Tinagwirizana tonse, ndipo sindidzamvera munthu chisoni."

Wailesi ankagwedeza mutu ngati mwana wabwino. Koma anali ndi chinsinsi chake.

Tsiku la madzi likafika, ankazemba m'mawa n'kukatsegula kampopi kaja, pansi pake n'kuikapo chitini cha mkaka chopanda kanthu. Madzi akamayandikira, kampopiko kankayamba kutsokomola, kenako madontho oyamba ankalira m'chitinimo, nge! nge! nge! Iye ankatseka msanga n'kuthamanga khomo ndi khomo akukuwa, "Abwera! Madzi abwera!" Anthu ankadabwa kuti mwanayu amadziwa bwanji. Iye ankangoti, "Ndili ndi anthu anga kumeneko."

2. Thanki yolira ngati ng'oma

Lachinayi lina Wailesi anaika chitini chake monga mwa masiku onse. Atangotsegula kampopi, kumsewu kunabuka phokoso. Wanjinga anali atagunda mayi wonyamula mazira, ndipo mayiyo anali atamugwira wanjingayo pa kolala. Nkhani ngati imeneyo Wailesi angaisiye? Anathamanga. Anaonerera mpaka dzira lomaliza, kenako anazindikira kuti wachedwa, n'kuliyatsa liwiro la kusukulu. Chitini chinachoka m'mutu mwake ngati homuweki.

Pobwera madzulo anapeza mdadada wonse uli pansi pa thanki, aliyense akulankhula, palibe womvera mnzake.

A Sipanala anali atakwera makwerero. Anagogoda thanki pamwamba ndi sipanala, inalira ngati ng'oma. Anagogoda pakati, chimodzimodzi. Madzi anali pansi penipeni.

"Kutsidya kwa msewu adzaza mathanki mpaka kusefukira!" anakuwa a Dalaivala. "Madzi anabwera kuyambira naini mpaka wani. Athu apita kuti? Amwa ndani? Mizukwa?"

"Ngalande ya kuseri kwa bafa ndi yonyowa mpaka kumsewu," anatero a Sipanala akutsika, nkhope ili gwa. "Wina anatsegula kampopi kaja."

A Tcheya anagwira m'chiuno. "Kuyambira mawa, ndowa imodzi pa khomo mpaka Lolemba. Imodzi! Ndipo amene wachita izi ndimupeza. Masana onse tili kuntchito, ana ali kusukulu. Amatsala pano ndani?"

Panali zii pang'ono. Wailesi sankatha kupirira zii. Zinkamuyabwa ngati chitedze.

"Ine sindikunena munthu," anayamba, "koma Anti a Saluni sachoka pano masana."

Anti a Saluni anali mlendo pamdadadapo. Anali atangokhala miyezi iwiri pa chitseko chomaliza, ndi kamwana kongoyamba kukwawa, mwamuna wawo akugwira ntchito kutali. Ankaluka ndi kutsuka tsitsi la anthu m'chipinda mwawo momwemo. Nthawi imeneyo anali atapita ndi mwana kusikelo.

"Dzulo lokha ndinawerenga mitu isanu ikutuluka ili yonyowa," anapitiriza Wailesi. Zoona zake anaona mitu iwiri, koma iwiri sikoma m'nkhani. "Mitu isanu, ndowa zitatu? Masamu amenewo ngakhale ine amene ndimalephera ndikuona kuti sakugwirizana."

Ena anaseka, koma kunali kuseka kwa anthu okwiya.

"Imani kaye," anatero a Telala, amene ankasoka pakhonde la sitolo kumsewu. "Cha m'ma wani ndinabwera kudzatenga ulusi. Ndinawaona akuchokera kuseri kwa bafa, siketi ili yonyowa mpaka m'mawondo."

"Mwamva?" anatero Wailesi, mtima ukudumpha ndi chisangalalo. "Ine ndimanama?"

Basi moto unayaka. Pofika nthawi yophika, mitu ija inali itakwana khumi. Wina anati pali migolo iwiri pansi pa bedi, ngati mgolo ungalowe pansi pa bedi. Anti a Saluni atatulukira pageti ndi mwana kumsana, palibe amene anayankha moni wawo.

"Inu mayi," anatero a Tcheya osawayang'ana n'komwe, "ndowa yanu musabweretse pa thanki mpaka msonkhano wa Lamlungu. Mukatsukire mitu kwanu kumene munachokera."

"Ndalakwa chiyani?"

"Mukamva Lamlungu."

3. Ndowa imodzi

Lachisanu linali tsiku loipa. Ndowa imodzi pa banja la anthu asanu ndi chipongwe. A Dalaivala anapita kuntchito atangopukuta kumaso. Ana anakwapulidwa chifukwa chotaya theka la kapu. Chimbudzi chinayamba kulankhula chokha, ndipo ntchentche zinaitana abale awo onse. Anthu ankatukwana a zamadzi, ankatukwana omanga nyumba zosanja, koma potsiriza onse ankaloza chitseko chomaliza.

Wailesi yekha ndiye ankasangalala. Aliyense ankamuitana kuti afotokozenso za mitu ija, ndipo iye ankawonjezera mchere.

Loweruka masana anali atakhala pakhonde akusenda anyezi, pamene anaona Anti a Saluni akulowa pageti. Anali ndi chigubu pamutu, mwana kumsana, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Anali atayenda mpaka kuchitsime cha kuseri kwa fakitale ya njerwa, kumene madzi ake ndi ofiirira ngati tiyi. Mwanayo ankalira mawu atasasa.

Anti a Saluni anatula chigubu, analowa m'nyumba, n'kutulukanso atabisa dzanja kumbuyo.

"Iwe. Tabwera kuno."

Wailesi anayang'ana uku ndi uku. "Ine, Anti?"

"Pali wina amene ali ndi pakamwa ngati pako pano? Bwera."

Atayandikira, Anti a Saluni anatambasula dzanja. M'dzanjamo munali chitini cha mkaka, chophwanyika pang'ono m'mbali, chokhala ndi chomata cha gulugufe chimene Wailesi anamatapo yekha.

Mazira aja, wanjinga uja, liwiro la kusukulu, zonse zinabwerera nthawi imodzi.

"Lachinayi mwana wanga anali ndi malungo, ndinali naye m'nyumba chitseko chotseka," anatero Anti a Saluni, mawu ali pansi. "Nditatuluka cha m'ma wani ndinamva madzi akuyenda. Ndinapeza kuseri kwa bafa kuli mtsinje. Ndinatseka ndine. Siketi yanga inanyowa potseka mpopi umene unatsegula iwe. Chitini ichi chinali chikuyandama m'ngalande. Umaganiza sindikuona pawindo m'mawa ukamazemba nacho?"

"Anti, ine ndina... ndinaiwala."

"Kutseka mpopi unaiwala, koma kutsegula pakamwa sunaiwale. Mitu isanu! Unaiwerenga ndi maso ati? Taona madzi amene ndikumwetsa mwana wodwala. Taona!"

"Mukandinenera?"

Anti a Saluni anaseka kuseka kowawa. "Ndikanene kwa ndani? Ine mlendo, wakuba madzi, ndiime ndi chitini n'kunena kuti ndi mwana wa anthu okhalitsa pano? Adzati ndachitola kudzala. Tenga chinthu chako. Mawa a Tcheya akufuna kukauza eni nyumba kuti ndichoke. Udzakhale kutsogolo, uonerere bwino, upeze nkhani yokafotokoza kusukulu."

Anamuponyera chitinicho pachifuwa n'kumenyetsa chitseko.

4. Mawu a amayi

Mayi ake a Wailesi anafika dzuwa likupendeka, kuchokera kufakitale yosoka mayunifolomu, msana ukuwawa. Anayang'ana m'ndowa, munatsala madzi osakwana makapu asanu, ndipo azing'ono ake awiri a Wailesi anali asanasambe masiku awiri.

"Mayi ameneyu achoke ndithu," anatero akukhala pabedi. "Ana anga akununkha ngati mbuzi chifukwa cha tsitsi la anthu."

Wailesi anali atabisa chitini pansi pa pilo.

"Amayi, bwanji zitapezeka kuti si iwowo?"

"Si iwe unawerenga mitu?"

"Eee, koma... bwanji zitakhala kuti ndi mwana wa pakhomo lina, ndiye akaulula, khomo lawo likhala sabata osatunga?"

Mayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali. Anthu osoka amaona msanga pamene ulusi wadumpha.

"Khala pansi," anatero. "Ndikuuze zimene sunazidziwe. Iwe uli wakhanda, tinkakhala pa mdadada wina. Kunasowa wotchi ya munthu. Mayi wina anangoti, ndinaona uje akutuluka m'chipindamo. Uje ameneyo ndinali ine. Palibe anandifunsa. Katundu wathu anamuika panja mvula ikugwa, iwe uli kumsana. Wotchiyo inapezeka patatha mwezi m'thumba la jekete la mwini wake, koma ine ndinali nditagona kale m'khitchini mwa anthu. Mayi uja sanabwere kudzapepesa mpaka lero, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira chakudya sichitsika. Sabata yopanda madzi ndi yowawa, inde. Ndidzasenza zigubu, msana udzathyoka, ndidzakwiya, ndipo amene wachititsa adzandidziwa bwino. Koma sabata imatha. Kuthamangitsa munthu wosalakwa ndi mwana wodwala sikutha. Ndiye ngati mwana wa pakhomo linayo ali ndi makutu, amve. Ine sindikamulankhulira. Pakamwa pamene panayatsa moto, pomwepo pazimitse."

Anadzuka n'kuyamba kupukuta ana ndi kansalu konyowa. Sanamuyang'anenso.

5. Msonkhano wa pansi pa thanki

Lamlungu masana anthu anatulutsa mipando ndi ndowa zovundikira n'kukhala pansi pa thanki. Dzuwa linkawotcha, ndipo aliyense anali ndi ludzu ndi mkwiyo. Anti a Saluni anaima paokha pafupi ndi khoma, mwana ali m'manja.

"Nkhani ndi yachidule," anayamba a Tcheya. "Mboni tili nazo ziwiri. A Telala anaona siketi yonyowa. Mwana uyu anawerenga mitu. Amene akuti tikauze eni nyumba kuti mayiwa achoke, akweze dzanja."

"Bwanji tiwamve kaye eni ake?" anafunsa a Sipanala.

"Timve chiyani? Wakuba amavomera?"

Manja anayamba kukwera. La a Dalaivala, la a Telala, ena awiri, ena atatu. Mayi ake a Wailesi anapinda manja pachifuwa, maso ali pa mwana wawo.

Wailesi anaimirira. Anatulutsa chitini m'thumba la siketi n'kuchiika pansi pakati pa bwalo. Chinalira, nge!

"Ichi n'chiyaninso?" anatero a Tcheya.

"Ndi anthu anga aja," anatero Wailesi. "Amene amandiuza kuti madzi abwera. Ndimatsegula kampopi ka kuseri n'kuika chitinichi pansi kuti ndimve madontho. Lachinayi ndinatsegula, ndinathamangira ndewu ya mazira, sindinatseke. Amene anatseka ndi Anti, n'chifukwa chake ananyowa. Ndipo mitu sinali isanu. Inali iwiri. Itatuyo ndinawonjezera ndekha."

Bwalo linaphulika.

"Mwana wa njoka iwe!" anakuwa a Dalaivala. "Ine masiku atatu osasamba, mabwana akutsegula mawindo m'galimoto, chifukwa cha chitini?"

"Ndiye wandisandutsa mboni yabodza ine, ndi imvi zangazi?" anatero a Telala.

"Munadzisandutsa nokha," anayankha Anti a Saluni. Mawu awo anamveka mpaka kugeti. "Uyu ndi mwana. Inu akuluakulu nonse, panalibe mmodzi wogogoda pachitseko changa kundifunsa? Munamva kukoma kukhala ndi munthu womuda. Mwana wanga wamwa matope masiku atatu, inu mukudutsa ngati simukuona. Musandiyang'ane ndi nkhope zachisoni, sindikuzifuna. Ndikufuna ndowa zanga."

A Telala anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo.

"Lamulo ndi lamulo," anatero a Tcheya mofulumira, ngati akufuna nkhani ithe. "Khomo la Wailesi, sabata yathunthu osatunga. Tatha."

"Tavomera," anatero mayi ake a Wailesi. "Ndipo Wailesi asanatunge madzi a kwathu kuchitsime, azitunga kaye a Anti akewa, chigubu chimodzi tsiku lililonse, chochapira matewera. Miyendo yothamangira ndewu ali nayo."

Wailesi anapita pamaso pa Anti a Saluni, maso ali pansi. "Pepani, Anti."

"Pepani sachapa thewera. Chigubu chili pakhomo. Ukabwera nacho chodzaza tidzaona."

6. Mzere wa choko

Anthu atabalalika, a Sipanala anatsala akuyang'ana thanki, akukanda chibwano ndi sipanala.

"Iwe wa mitu isanu, tabwera," anatero. "Walakwa kwambiri, ndipo chilango chako n'chokuyenera. Koma pali chimene chikundisowetsa mtendere. Waona mzere wa choko uwo pathanki? Ndinalemba Lachitatu madzulo. Madzi anali pakati. Kampopi kako kanaletsa madzi atsopano kukwera, inde. Koma sikangatsitse madzi amene ali kale m'thanki, paipi yake ndi ina. Lachinayi m'mawa tinatunga ndowa zathu za masiku onse. Nanga zinatheka bwanji kuti madzulo tipeze madzi ali pansi penipeni?"

"Ndiye kuti pali wina amene..."

"Shh! Wayambanso. Ndamva mokwanira za pali wina. Mvetsera, mwana iwe. Chimene waona ndi maso, unene kuti ndaona. Chimene ukuganiza, usunge m'mimba mpaka chipse. Mzinda uno madzi achepa, ndipo madzi akachepa anthu amalumana ndi mawu asanalumane ndi mano. Usakhale iwe wonola manowo."

Lolemba m'mawa, asanapite kusukulu, Wailesi anabwera ndi chigubu cha Anti a Saluni kuchokera kuchitsime, khosi likuwawa, akutukwana chamumtima fakitale, dzuwa ndi mazira onse a padziko. Kuti afupikitse njira anadzera kampata ka pakati pa nsanja ya thanki ndi khoma, kumene anthu ankataya matayala akale.

Phazi lake linakodwa. Anagwa chafufumimba, theka la madzi n'kutayika.

Atatembenuka kuti atukwane chimene chamukola, anaona kapaipi kakuda, kowonda ngati chala, katakwiriridwa ndi mchenga ndi zidutswa za matayala. Mbali ina kankakwera mobisala kuseri kwa mwendo wa nsanja mpaka pansi pa thanki. Anakagwira. Kanali kozizira, ndipo mkati mwake madzi ankayenda.

Anakatsatira chokwawa, mawondo akusupuka. Kanadutsa kuseri kwa chitseko chachitatu, chachiwiri, n'kukalowa pakabowo ka pansi pa windo la chitseko choyamba.

Chitseko choyamba chinali cha a Tcheya.

Nkhani yaikulu kuposa zonse zimene anazipezapo inali m'manja mwake, pa tsiku limene panalibe munthu mmodzi pamdadadapo amene akanakhulupirira mawu ake. Anatseka pakamwa ndi manja onse awiri.

Pamenepo windo lija linatseguka pamwamba pa mutu wake, ndipo makiyi a thanki analira.

"Wailesi," anatero a Tcheya motsitsa mawu, "wataya chiyani kuseri kwa nyumba yanga?"